Denga Pamwamba pa Madzi: Mbiri ya Mahotela a Waterpark ku Wisconsin Dells



Masiku apitawa mmodzi mwa ana amene ndinawaphunzitsa, yemwe pano amakhala ku America, ananditumizira zithunzi ziwiri. Pa choyamba panali magalimoto okwiririka ndi chipale chofewa, anthu atavala majasi ofika m'maondo. Pa chachiwiri panali ana ake awiri akusewera m'madzi atangovala makabudula, kumbuyo kwawo kuli chiboliboli cha njovu. Iye anati zithunzizo anajambula tsiku limodzi, pamalo amodzi, ndipo chimene chinazisiyanitsa ndi khoma basi. Malowo ndi hotela yotchedwa Kalahari, m'tauni ya Wisconsin Dells.

Ndinaseka ndekha. Kalahari amene timaphunzitsa ife ndi chipululu cha ku Botswana ndi Namibia, ndipo ambiri amati dzinalo linachokera ku mawu a Chitswana onena za ludzu kapena malo opanda madzi. Tsono anthu ena atenga dzina la ludzu n'kulipatsa nyumba yodzaza madzi, m'dziko la chisanu. Nditamaliza kuseka ndinatsala ndi funso: ndani anayamba kumanga zinthu zoterezi, ndipo anali ndi vuto lanji?

Amene ndinakuphunzitsani History mukukumbuka kuti sindinkalola yankho la chifukwa chimodzi. Pa nkhani iliyonse timafuna zifukwa zakale, zimene zinazika mizu pang'onopang'ono, ndi chifukwa chapafupi, chimene chinayatsa moto. Tiyeni tichite chimodzimodzi pano.

Choyamba tigwirizane pa mawu. Waterpark ndi malo amasewera a m'madzi: maiwe osambiramo, mipope ikuluikulu yokhotakhota imene munthu amalowa pamwamba n'kutsetsereka mpaka kukagwera m'dziwe, mitsinje yochita kupanga, ndi mafunde opangidwa ndi makina. Nkhani yathu ndi ya waterpark imene ili m'kati mwa nyumba, yolumikizana ndi hotela.

Mtsinje ndi wojambula zithunzi

Wisconsin ndi chigawo cha kumpoto kwa United States, ndipo Wisconsin Dells ndi katauni ka anthu pafupifupi 3,000 m'mbali mwa mtsinje wa Wisconsin. Zaka pafupifupi 15,000 zapitazo nyanja yaikulu imene inatsekeredwa ndi madzi oundana inaphulika, ndipo madzi ake anasema zigwembe zakuya m'miyala ya mchenga. Eni nthaka anali anthu a mtundu wa Ho-Chunk. Pangano la 1837 linawalanda malowa ndipo boma linawasamutsa mokakamiza kangapo, koma ambiri ankabwerera kwawo mobisa.

Tauniyi inabadwa ndi njanji mu 1857, ndipo poyamba inkatchedwa Kilbourn City. Munthu amene anaitchukitsa ndi H. H. Bennett. Iyeyu anali kalipentala, koma anavulala dzanja ali msilikali pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ndipo mu 1865 anayamba ntchito yojambula zithunzi. Ankajambula miyala ndi zigwembe za mtsinjewo n'kumagulitsa zithunzizo m'mizinda. Mu 1886 anajambula mwana wake akudumpha kuchoka pa thanthwe lina kupita pa mwala wotchedwa Stand Rock, mnyamatayo ali m'malere. Masiku amenewo kujambula chinthu chothamanga chotero kunali kodabwitsa. Anthu a ku Chicago ndi Milwaukee anayamba kukwera sitima kudzaona ndi maso awo.

Bennett anatsutsa zomanga damu lamagetsi pa mtsinjewo chifukwa anadziwa kuti madzi akakwera amiza miyala ina yokongola. Sanamumvere. Iye anamwalira mu 1908, damu linatha mu 1909, ndipo malo ena amene anawajambula tsopano timangowaona pa zithunzi zake. Ngakhale zinali choncho alendo sanasiye kubwera, moti mu 1931 tauniyi inasiya dzina la Kilbourn n'kutenga la Wisconsin Dells, dzina limene alendo ankalidziwa.

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, mu 1946, kunayamba maulendo oyendetsa alendo pa magalimoto akale a asilikali otha kuyenda pamtunda ndi pamadzi pomwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 Tommy Bartlett anabweretsa chionetsero cha anthu otsetsereka pamwamba pa madzi akukokedwa ndi boti, pa nyanja yochita kupanga ya Lake Delton. M'ma 1960 msewu waukulu unafika, ndipo banja la ku Chicago linkatha kufika pa galimoto m'maola atatu. Mahotela ang'onoang'ono anamera m'mbali mwa msewu ngati bowa.

Masewera a waterpark eniake anayambira kotentha. George Millay anatsegula Wet 'n Wild ku Orlando, Florida, mu 1977. A ku Dells anatengera msanga. Mu 1979 banja la Waterman linatsegula malo amene anadzakula n'kukhala Noah's Ark, imodzi mwa ma waterpark apanja aakulu kwambiri ku America. Izi ndiye zifukwa zakale: mtsinje, njanji, msewu, mabanja a m'mizinda amene anazolowera kubwera, ndi anthu a m'tauniyo amene anaphunzira kukhalira alendo.

Masiku 100

Vuto linali limodzi, ndipo linali lakale ngati tauniyo. Nyengo ya alendo inkayamba kumapeto kwa May n'kutha kumayambiriro kwa September, pamene sukulu zatsegulira. Amenewa ndi masiku pafupifupi 100. Kuyambira December mpaka March kumagwa chipale, nyanja zimaundana, ndipo usiku wa mu January si zachilendo kuzizira kupitirira madigiri 10 pansi pa ziro. Palibe kholo lingatengere mwana kukasamba panja.

Taganizani mwini hotela wa zipinda 100. Ngongole ya ku banki amabweza miyezi 12. Msonkho wa malo amalipira chaka chonse. Mapaipi ayenera kutetezedwa kuti asaphulike ndi chisanu ngakhale m'zipinda mulibe munthu. Koma ndalama amazipeza miyezi itatu yokha. Antchito amene wawaphunzitsa amawachotsa mu September, ndipo chaka chamawa ayambanso ndi achilendo. Mlimi amene amagulitsa kamodzi pachaka n'kumadya ndalamazo mpaka February akumvetsa bwino. Ndiponso chipinda cha hotela sichili ngati thumba la chimanga loti ungasunge podikira mtengo wabwino. Bedi likagona lopanda munthu usiku wa lero, ndalama ya usiku umenewo yapita, sidzabweranso.

Denga la 1994

Maganizo ofolera madzi sanayambire ku Wisconsin. M'ma 1970 mahotela a Holiday Inn ankamanga mabwalo ofolera okhala ndi dziwe pakati, otchedwa Holidome. Ku Netherlands kampani imene pano imatchedwa Center Parcs inatsegula dziwe lofunda la m'nyumba, lokhala ndi zomera za kotentha, pa malo ake a De Eemhof mu 1980. Ku Canada, World Waterpark inatsegulidwa mu 1986 m'kati mwa nyumba ya masitolo ya West Edmonton Mall. Ndimakonda kuuza ophunzira kuti m'mbiri woyamba kuganiza chinthu kawirikawiri si amene amachifalitsa.

Chifukwa chapafupi chinabwera mu 1994. Stan Anderson, mwini hotela ya Polynesian ku Wisconsin Dells, anaika zoseweretsa za m'madzi za ana pansi pa denga, n'kutenthetsa madzi ndi mpweya. Malowo anali aang'ono tikayerekeza ndi a lero. Koma mabanja anayamba kubwera pakati pa chisanu, ndipo eni mahotela oyandikana nawo ankaona magalimoto atadzaza pabwalo la mnzawo mu February pamene kwa iwo kunali zii. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Tauni imene chilema chake chinali kuzizira inapeza kuti kuzizirako ndi kumene kungabweretse makasitomala, pakuti kholo limene latsekeredwa m'nyumba ndi ana kwa miyezi itatu limalolera kulipira kuti anawo akathamange penapake pofunda.

Zotsatira zinabwera mofulumira. Hotela ya Wilderness inatsegulidwa mu 1995 ndipo inakhala ikuwonjezera maiwe ofolera. Mu 1997 abale a banja la Waterman lija anatsegula Black Wolf Lodge, imene itagulitsidwa inasinthidwa dzina kukhala Great Wolf Lodge. Mu 2000 Todd Nelson anatsegula Kalahari. Polynesian inachita kuwonjezera madzi pa hotela imene inalipo kale, koma otsatirawa ankalemba pulani ya hotela ndi ya waterpark pa pepala limodzi. Kuchokera apo zinatuluka m'tauniyo. Kampani ya Great Wolf inalowa pa msika wa masheya mu 2004 ndipo ili ndi mahotela oposa 20 ku America ndi Canada. Kalahari inatsegula ina ku Sandusky, Ohio, mu 2005, ku mapiri a Pocono ku Pennsylvania mu 2015, ndi ku Round Rock, Texas, mu 2020.

Malonda ake ndi bedi

Mukamvetsa kuti cholinga ndi kudzaza mabedi, mapulani a nyumbazi amamveka mosavuta. Madzi ndi nyambo chabe.

M'mahotela ambiri otere mtengo wolowera ku madzi umaphatikizidwa mu mtengo wa chipinda, ndipo kwa zaka zambiri Great Wolf inkalola okhawo ogona pa hotelapo. Motero chipinda chimagulitsidwa modula kuposa cha hotela wamba ya m'dera lomwelo. Zipindazo amazimanga zazikulu, zogona anthu anayi, asanu ndi mmodzi kapena kuposerapo, zina ndi mabedi osanjikiza a ana, chifukwa mlendo wake ndi banja. Makonde onse ndi ofolera, kuti mwana achoke kuchipinda atavala zosambira mpaka kukafika ku dziwe osaponda panja. Ndipo njira ya ku dziweyo amaidutsitsa dala pa malo odyera, pa masitolo ndi pa chipinda cha makina amasewera. Amene munapitako ku msika ndi mwana mukudziwa chimene chimachitika pamenepo.

Ana amapita kusukulu Lolemba mpaka Lachisanu, choncho denga linathetsa vuto la miyezi koma linasiya vuto la pakati pa sabata. N'chifukwa chake Kalahari ndi ena anamanga maholo aakulu a misonkhano pambali pa maiwe. Pakati pa sabata mabedi amagona anthu a misonkhano, kumapeto kwa sabata mabanja.

M'kati mwa waterpark momwemo, mita iliyonse yofolera ndi yodula kumanga ndi kutenthetsa. Ndiye olemba mapulani amachita mwanzeru: munthu amakwera masitepe ali m'kati, koma mpope wotsetserekamo umaboola khoma, n'kukazungulira panja uli wotsekeka, kenaka n'kubwereranso m'kati kukathera m'dziwe. Ndiyo mipope yamitundumitundu imene imaoneka itazengereza kunja kwa nyumbazi ngati matumbo. Yambiri imapangidwa ndi fiberglass, ndipo makampani awiri otchuka pa ntchitoyi, WhiteWater ndi ProSlide, onse ndi a ku Canada. Malo amawagawa potengera msinkhu. Makanda ali ndi dziwe loyamba posaya penipeni n'kumazama pang'onopang'ono ngati gombe. Ana apakati ali ndi nsanja yokwera yokhala ndi chidebe chachikulu pamwamba chimene chikadzaza chimakhuthula madzi pa onse ali pansi. Achinyamata ali ndi mipope yaitali, ndipo makolo ali ndi mtsinje woyenda pang'onopang'ono ndi mipando poti aziona ana awo. Wolemba pulani ayeneranso kuonetsetsa kuti palibe ngodya ya madzi imene woyang'anira osambira sangaione, pakuti mwana amamira mwakachetechete.

Zokongoletsa nazo zili ndi ntchito yake. Munthu amene wathawa chisanu amafuna kumva ngati wapita kutali, ndiye wina anasankha zilumba za Polynesia, wina nkhalango ya mimbulu, wina Africa. Kunena zoona, Africa wa pa chithunzi chija ndi wa njovu za simenti, wosakaniza zinthu za mayiko ambiri ngati ndi mudzi umodzi. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Walira mvula walira matope

Mpweya wa m'nyumbazi amausunga pa madigiri pafupifupi 29, ndi chinyezi chambiri, pamene kunja kwa khoma madzi akuundana. Apa ndi pamene mainjiniya anakumana ndi mavuto amene waterpark yapanja inalibe.

Loyamba ndi la mpweya wopuma. Madzi a m'maiwe satayidwa tsiku ndi tsiku. Mapampu amawazunguliza, amasefedwa, n'kuthiridwa klorini, mankhwala omwe aja timathira m'madzi akumwa nthawi ya kolera. Klorini akakumana ndi thukuta ndi mkodzo wa osambira amapanga mankhwala ena otchedwa chloramine. Fungo lija timati ndi la klorini pa dziwe losambira kwenikweni ndi la amenewa. Panja mphepo imawauluza. Pansi pa denga, pamene madzi akuthovoka ndi kuwazika tsiku lonse, amadzaza mumpweya pamwamba penipeni pa madzi, pamene pali mphuno za ana ndi za antchito. Mu 2007 akuluakulu a zaumoyo ku America anafufuza hotela ina yatsopano ya mtunduwu ku Ohio, alendo ndi oyang'anira osambira ambiri atadandaula za chifuwa ndi kuyabwa m'maso, ndipo anapeza kuti mpweya wabwino sunkafika mokwanira pansi pamene panali anthu. Mankhwala ake ndi kutulutsa mpweya woipawo n'kulowetsa wakunja. Koma wakunjawo ndi wozizira koopsa, uyenera kutenthetsedwa, ndipo ndiwo umakweza bilu ya gasi ndi magetsi. Mapulani a masiku ano amaika makina otenga kutentha kwa mpweya wotuluka n'kupatsira wolowa, komanso nyali za UV zimene zimaphwanya chloramine ndi kupha tizilombo totsegula m'mimba ta Cryptosporidium timene klorini amachedwa kutipha.

Lachiwiri ndi la nyumba yeniyeniyo. Mpweya wofunda, wonyowa, wokhala ndi klorini umadya zitsulo. Ukafika pa khoma kapena denga lozizira umasanduka mame, ndipo mamewo amalowa m'malo osaoneka. Mu 1985 ku Uster, Switzerland, siling'i ya konkire ya dziwe losambira la m'nyumba inagwa n'kupha anthu 12. Zitsulo zimene zinaigwira zinali za mtundu umene anthu amati suchita dzimbiri, koma klorini anazing'amba pang'onopang'ono. Pa 14 February 2004 denga la waterpark ya Transvaal ku Moscow linagwa n'kupha anthu 28, ndipo ofufuza analoza chala pa zolakwika za pulani yake. N'chifukwa chake ma waterpark ambiri a m'nyumba amagwiritsa ntchito mitanda ikuluikulu ya matabwa omatidwa, kapena zitsulo zokutidwa mwapadera, ndipo ena amafolera ndi pulasitiki yoonekera yotchedwa ETFE imene ndi yopepuka ndipo imalowetsa dzuwa. Mlendo amaona mafunde ndi mipope. Ndalama zambiri ndi nzeru zambiri zili m'chipinda cha mapampu ndi m'denga, kumene iye sayang'anako.

Lachitatu ndi la anthu. Katauni ka anthu 3,000 sikangapereke antchito okwanira alendo mamiliyoni. Chaka chilichonse ophunzira a m'makoleji zikwi zingapo ochokera kunja, ambiri a kum'mawa kwa Ulaya ndi mayiko ena, amabwera pa ziphaso za J-1 kudzayang'anira osambira ndi kuyala mabedi, ndipo kowagoneka lakhala vuto la tauniyo kwa nthawi yaitali.

Denga lomwelo, kwina linakana

Kuti tione ngati tamvetsa chifukwa chenicheni, tiyang'ane kumene anamanga zofanana koma zinayenda mosiyana.

Ku Miyazaki, kum'mwera kwa Japan, anatsegula Ocean Dome mu 1993: gombe lochita kupanga la m'nyumba yotalika mamita 300, ndi denga lotseguka ndi kutsekeka. Koma Miyazaki ndi dera lofunda, ndipo gombe lenileni la nyanja linali pafupi pomwepo, laulere. Kampani yake inagwa ndi ngongole mu 2001 ndipo Ocean Dome inatsekedwa mu 2007. Denga linali lokongola koma linkayankha funso limene anthu ambiri sanafunse.

Ku Germany, kum'mwera kwa Berlin, Tropical Islands inatsegulidwa mu 2004 m'chinyumba chimene chinamangidwira ndege zazikulu zouluka ndi mpweya, cha mamita 360 m'litali, 210 m'lifupi ndi 107 kupita m'mwamba. Kumeneko chisanu chilipo ndithu. Komabe zaka zoyamba alendo anali ochepa kuposa amene eni ake ankayembekeza, ndipo chimodzi mwa zimene anachita pokonza zinthu ndi kuchulukitsa malo ogona m'kati ndi kunja kwa chinyumbacho. Anafika pa bedi mochedwa, pamene a ku Dells anayambira pa bedi.

Kufupi ndi kwathu kuno, Sun City ya ku South Africa inatsegula Valley of Waves pafupi ndi hotela ya Palace of the Lost City. Sanafolere, chifukwa mdani wawo sanali chisanu. Anthu a ku Johannesburg ndi Pretoria ali kutali ndi nyanja, ndiye anawabweretsera mchenga ndi mafunde pafupi. Vuto lina, yankho lina.

Zimene denga silingatseke

Pa 9 June 2008, mvula itagwa yambiri, Lake Delton inaboola mtunda n'kukhuthukira mu mtsinje wa Wisconsin m'maola ochepa, n'kukokolola nyumba zingapo. Mabizinesi a m'mbali mwa nyanjayo anatsala akuyang'ana matope nyengo yonse ya alendo, pamene mahotela a maiwe a m'nyumba anapitiriza ntchito. Tsiku limenelo linaonetsa poyera kuti tauni imene inabadwa chifukwa cha madzi achilengedwe tsopano inkadalira madzi a m'mapaipi. Koma mu 2020 mliri wa Covid-19 unatseketsa mahotela omwewo kwa kanthawi, ndipo chionetsero cha Tommy Bartlett chinatsekedwa osatsegulidwanso, patatha zaka pafupifupi 70.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli m'ntchito za mahotela, ena ndinu mainjiniya, ndipo tsiku lina wina adzakuonetsani chithunzi chonga chimene ndinalandira ine n'kunena kuti timange chotere. Musadzayambe ndi kufunsa kutalika kwa mpope. Mudzafunse kuti mabedi anu amagona opanda anthu liti, ndipo chifukwa chiyani. Ngati yankho ndi msewu woipa, mtengo wokwera kapena magetsi ozimazima, denga silidzathandiza, lidzangowonjezera ngongole. Stan Anderson ankadziwa bwino lomwe chimene chinkathamangitsa alendo ake mu September, ndipo anamanga chinthu cholimbana ndi chimenecho basi.

Kwa aphunzitsi anzanga, nkhaniyi mutha kuigwiritsa ntchito pophunzitsa zifukwa ndi zotsatira. Apatseni ana zaka izi, 1857, 1886, 1979 ndi 1994, muwafunse kuti chapafupi ndi chiti ndipo zakale ndi ziti, kenaka muwafunse ngati 1994 ikanatheka popanda zinazo.

Mwana wanga uja ndinamuyankha kuti zithunzi ndaziona ndipo ana akula. Ndinamupemphanso kuti akadzapitanso nyengo yotentha, adzatenge anawo pa boti akaone Stand Rock, pamene mnyamata uja anadumpha mu 1886, n'kunditumizira chithunzi chachitatu.